Malaya 19, buluku limodzi: manyazi adandiphunzitsa kuwerenga zovala

Abale anzanga a pamsika, nkhani ya lero ndi yanga yomwe, ndipo ndikuilemba nditaphimba kumaso. Ena mwa inu mudaliko tsiku limenelo ndipo mudaseka nawo. Sekaninso palibe kanthu, bola muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa m'katimu muli ndalama zanu.

Lidali Loweruka mwezi wa June chaka cha 2024, tsiku la chinkhoswe cha mlongo wanga ku Ndirande. Kudacha ndi chiperoni chija mumachidziwa cha mu Blantyre: phiri osaoneka, kamvula kakuwazawaza, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Ine monga mchimwene wa mwini chinkhoswe ndimayenera kukhala kutsogolo, kulandira alendo a kuchimuna ndi kugwira mbale ya perekaniperekani.

Nditatsegula sutikesi, malaya adayamba kutuluka ngati ngumbi pachulu. Ndikoke awa, atuluke ena. Koma buluku loti munthu n'kuimirira nalo pamaso pa ankhoswe lidali limodzi lokha, nalonso lonyowa chifukwa ndidalichapa dzulo lake dzuwa kulibe. Jekete ndidalibe. Juzi ndidalibe. Buluku lija ndidaliumitsa ndi simbi ya makala, kenaka ndidakagogoda kwa aneba, bambo aulemu wawo ogwira ntchito m'tauni, kukabwereka jekete.

Adandipatsa, koma ndi chenjezo. "Achimwene, musakathirepo mafuta a nkhuku. Ndi la ku tchalitchi limeneli."

Jeketelo lidali lalikulu moti manja ake adameza zala zanga, koma ndidati bola kufunda. Zonse zimayenda bwino mpaka nthawi imene woyendetsa mwambo adaitana kuti achimwene ake a mwini chinkhoswe abwere kutsogolo adzavine. Nditangofika pakati pa holo, magetsi adazima, nyimbo n'kuduka. Muholo monse mudangoti zii. Pomwepo kamwana ka aneba aja, ka zaka ngati zisanu, kadaimirira pampando n'kukuwa ndi mawu onse:

"Amama, onani! Ankolo avala jekete la adadi!"

Amangwetu, nthaka ikadakhala yong'ambika ndikadalowa. A kuchimuna adaseka mpaka kupukuta misozi. Mlongo wanga adazolika. Mpaka lero alamu anga akandiona amayamba afunsa kuti, "Nanga jekete la adadi mudabweza?"

Sindikugulitsa kanthu

Lolemba m'mawa ndidakwera minibasi ya ku Limbe, mtima uli pa chinthu chimodzi: kugula jekete, ngakhale pangongole. Azakhali anga, alongo awo a bambo, ali ndi benchi la kaunjika kumeneko. Geni imeneyi adaiyamba ali mtsikana, zipani zambiri zitangobwera kumene, ndipo ku chinkhoswe kuja adaliko.

Ndisadatsegule n'komwe pakamwa adandidula.

"Iwe mwana iwe, lero sindikugulitsa kanthu. Malaya onse wakhala ukunyamula pano aja unapita nawo kuti? Ukudya?"

Ndidati alipo. Adafunsa kuti alipo angati. Ndidati mwina asanu ndi atatu, mwina khumi. Adafunsa za mabuluku. Ndidakanda m'mutu.

"Waona? Ine ukandidzutsa pakati pa usiku ndikuuza kuti pabenchi panga patsala masiketi angati ndi mabulauzi angati. Ndimawerenga m'mawa poyala, ndimawerenganso madzulo pomanga. Iwe sutikesi imodzi yokha ikukukanika? Ndibwera Lamulungu tikachoka ku tchalitchi. Ugule kope."

Adabweradi. Adayala mkeka pakhonde n'kundiuza kuti nditulutse chilichonse chotchedwa chovala: za mu sutikesi, za pachingwe, za pamsomali kuseri kwa chitseko, za m'beseni zodikira sopo, ngakhale zimene ndidapinda n'kusandutsa pilo. Iwo amanyamula chimodzichimodzi, ine ndikulemba.

Zimene tidapeza ndi izi. Malaya 19, mwa amenewa 8 abuluu amizeremizere, ofanana ngati ana a mimba imodzi. Masikipa 11. Mabuluku 4: lina zipi idafa kalekale, lina lothina, lina jinzi yong'ambika pabondo, labwino limodzi. Nsapato mapeyala atatu koma yoyendera imodzi. Masokosi 7, osakwatirana. Juzi palibe, jekete palibe, chodzitetezera ku mvula palibe.

Kenaka adandifunsa kuti mwa malaya 19 aja, amene ndawavala chiyambireni chaka ndi angati. Titawapatula adakwana 5.

Apa m'pamene ndidazindikira matenda anga. Ndikamadutsa pamsika n'kumva mnyamata akukuwa kuti wagwetsa mtengo, ndimawerama, ndimasankha, ndimagula. Chimene chimandikoka ndi malaya abuluu, ndiye nthawi zonse ndimabwerako ndi malaya abuluu. Buluku ndi jekete n'zokwererako mtengo, ndiye ndimangoti ndidzagula mwezi wamawa. Ndalama imene idathera pa malaya 14 ogona mu sutikesi ikadagula jekete ndi mabuluku awiri, chenji n'kutsala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kalembedwe kake

Ntchitoyi siifuna sukulu yapatali. Amene amatha kulemba ngongole za makasitomala aitha. Chofunika ndi kope limodzi, bolopeni, ndi masana amodzi opanda alendo.

Choyamba, unjikani zonse pamalo amodzi. Mukasiya zina m'chikwama kuti izi ndikuzidziwa kale, mwadzinamiza nokha. Kenaka gawani milu inayi.

Mulu woyamba ndi wa zimene mumavaladi ndipo zili bwino. Wachiwiri ndi wa zofuna telala: zipi yakufa, batani lothothoka, msoko womasuka, chiuno chofuna kubweza. Wachitatu ndi wa zabwinobwino koma simuzivala, kaya zidathina, kaya zidakula, kaya mudangozida. Wachinayi ndi wa zotheratu, zimene ntchito yake yatsala ndi kukolopera kapena kupita nazo ku munda.

Pa mulu wachitatu m'pamene pamakhala mkangano. Mtima umati ndidzavala ndikadzaonda, ndidzavala pa Khirisimasi. Lamulo la azakhali n'lakuti chovala chikadutsa nyengo yozizira, yotentha ndi ya mvula osakhudza thupi lanu, chimenecho si chanunso. Chigulitseni, sinthanani ndi mnzanu, kapena chipite kumudzi kumene akuchifuna.

Mukatero tsegulani kope. Mtundu uliwonse wa chovala ukhale ndi tsamba lakelake: malaya paokha, mabuluku paokha, masiketi, madiresi, mabulauzi, zitenje, zofunda pozizira, nsapato, zam'kati. Patsambapo jambulani mizere yotsika kuti pakhale zigawo zisanu. M'chigawo choyamba lembani chovalacho ndi mtundu wake, monga "malaya oyera a manja aatali". M'chachiwiri saizi. M'chachitatu m'mene chilili: chabwino, chofuna telala, kapena chatsala pang'ono. M'chachinayi kumene mumapita nacho: pa geni, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ku ukwati, ku maliro, pakhomo. M'chachisanu lembani chimene chimagwirizana nacho.

Chigawo chachisanuchi musachidumphe. Bulauzi imene ilibe siketi kapena chitenje choyenda nayo ili ngati nsapato ya phazi limodzi. Ine ndidapeza kuti malaya anga atatu ofiirira sankagwirizana ndi buluku lililonse m'nyumba, n'chifukwa chake sadaonepo dzuwa.

Kwa inu a pabanja, mwana aliyense akhale ndi tsamba lake, ndipo palembedwe tsiku limene mwamuyeza. Mwana sachedwa kukula. Mayi ambiri amagula kadiresi kokongola pongoganizira, kukafika kunyumba n'kupeza kuti kakukwana mng'ono wake amene ali kale ndi madiresi asanu, pomwe mwini wakeyo akupita ku sukulu opanda juzi.

Tsamba lomaliza ndilo mwini nkhani. Pamwamba pake lembani kuti ZOSOWA. Apa mulembe zokhazo zimene kuwerenga kuja kwaonetsa kuti mulibe, kuyambira chofunika kwambiri. Langa lidali lalifupi: juzi, mabuluku awiri akuda kapena otuwa, jekete, masokosi. Pansi pake azakhali adalemba okha ndi zilembo zikuluzikulu: MALAYA AYI.

Sabata yomweyo ndidapita kwa telala wa pakhonde la sitolo ndi mulu wachiwiri uja. Adaika zipi yatsopano, adamasula chiuno cha buluku lothina lija, jinzi adaiika chigamba cha m'kati. Ndidabwerako ndi mabuluku atatu pamtengo wosafika wa buluku limodzi la pabenchi. Ndisadagule kanthu, mzere wa mabuluku pa tsamba la ZOSOWA udatsika kuchoka pa awiri kufika pa limodzi.

Chaka chili ndi kalendala yake

Kope likakuuzani zimene mulibe, kalendala imakuuzani nthawi yogulira. Kuno kwathu kuzizira kumayamba mu May, kufika pachimake mu June ndi July. October ndi November ndi ng'anjo. Mvula imagwa kuyambira cha mu November kapena December mpaka March kapena April. Sukulu zimatsegulira chaka chatsopano mu September. Pa 15 October ndi tsiku la anakubala, pamene zitenje zimayenda ngati mandasi. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka anthu akakolola. Pali Khirisimasi, palinso Idi ya abale athu achisilamu, imene chaka chilichonse imafulumira ndi masiku pafupifupi 11.

Zonsezi zimadziwika chaka chisadayambe, komabe timadzidzimuka nazo ngati ngozi. Inu ogulitsa mukudziwa bwino kuti juzi imene mu June simungatsitse ngakhale munthu atagwada, mu October mumaigwetsa mtengo kuti ingochoka, ndalama ibwerere mu mpamba. Munthu wa kope amagula juzi ndi jekete thukuta lili kamukamu, ambulera ndi jombo amagula kumwamba kuli mbee, yunifomu amasoketsa mu July matelala asadadzaze.

Kuwerenga kwenikweniko kuchitike kawiri pachaka: mu April mvula ikamatha, ndi mu October isadayambe. Ndi nthawi yomweyonso yoyanika zonse padzuwa, chifukwa chovala chosungidwa m'chinyontho chimachita nguwi, ndipo njenjete zimakonda zovala zaubweya zimene zangokhala osagwedezeka.

Pali masamu awiri amene ndikufuna muwasunge. Oyamba ndi awa: mabuluku atatu ndi malaya asanu, ngati zonse zikugwirizana mitundu, zimakupatsani kavalidwe kosiyanasiyana ka 15. Ndiye kuti masabata awiri athunthu osabwereza, ndi zovala 8 zokha. Ine ndi malaya 19 ndi buluku limodzi, anthu ankangoona buluku lomwelo tsiku ndi tsiku. Kwa amayi n'chimodzimodzi: siketi yakuda imodzi imanyamula mabulauzi ambiri kuposa masiketi atatu amaluwamaluwa.

Achiwiri ndi a mtengo. Tingoyerekeza: malaya mwagula K6,000 chifukwa atchipa, mwawavala kawiri basi. Ndiye kuti tsiku lililonse mudawavala lidakudyerani K3,000. Buluku lolimba mwagula K18,000, mukulivala kawiri pa sabata chaka chonse, komwe ndi ka 100 ndi kuposerapo. Tsiku lililonse lakudyerani ndalama yosapitirira K180. Nanga chotchipa n'chiti pamenepa?

Polowa mumsika

Tsiku logula, tsamba la ZOSOWA likhale m'thumba, ndipo ndalama munyamule yokwana zimene zalembedwazo. Ndalama yapadera ndi imene imasanduka malaya abuluu.

Pa kaunjika palibe chipinda choyesera, ndipo saizi yolembedwa pakolala si yoidalira. Mabelo amachokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo L wa ku China amakhala wocheperako poyerekeza ndi L wa ku America. Ambiri timayeza chiuno cha buluku pochizunguliza m'khosi. Nthawi zina zimatheka, nthawi zina zimakugwetsa m'mavuto, monga buluku langa lothina lija. Njira yabwino ndi kutenga chovala chimene chimakukwanani bwino kunyumba, kuchiyala pansi, n'kuchiyeza ndi tepi ya telala: chiuno, kutalika kwa mwendo, mapewa, chifuwa. Manambalawo alembeni m'kope. Ngati tepi mulibe, chingwe chomanga mfundo chimagwira ntchito yomweyo. Phazi la mwana lijambuleni pa katoni, dulani, kalowetseni mu nsapato kumsikako.

Mukachipeza chovalacho musathamangire kunenerera. Chitembenuzeni kaye. Onani kolala ndi m'khwapa ngati muli chikasu chosachoka. Kokani zipi kukwera ndi kutsika. Werengani mabatani. Pisani m'matumba. Pa buluku onani pakati pa miyendo pomwe nsalu imayamba kutha. Juzi iyang'anitseni kudzuwa kuti tizibowo tionekere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukafika nacho kunyumba chichapeni musadavale, kenaka chiloweni m'kope ndi kufufuta mzere wake pa ZOSOWA.

Chifukwa chake tidazolowera kuunjika

Tili pamkeka paja, azakhali adandikumbutsa kuti kale nkhani ya kope ikadakhala yoseketsa. Pa utsikana wawo mkazi ankadziwa zovala zake pamtima, chifukwa zimawerengeka ndi zala: madiresi awiri kapena atatu osoketsa kwa telala, zitenje zingapo, ndi mpango. Nsalu yambiri inkachokera ku fakitale ya David Whitehead and Sons mu Blantyre momwemuno, imene idadzagulitsidwa kwa a Mapeto m'chaka cha 2003. Boma nalo linkalowerera pa kavalidwe. Lamulo la 1973, m'nthawi ya Kamuzu Banda, linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi osabisa mawondo, ndipo lidathetsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu.

Zitatero zinthu zidamasuka. Kaunjika adadzaza m'misika ndi m'misewu, ndipo munthu wamba adayamba kutchena ngati bwana pa ndalama yochepa. A ku Zambia amati salaula, a ku Tanzania amati mitumba, ife tidati kaunjika, ndipo dzinalo lidatitsata mpaka kunyumba: timaunjika. Chizolowezi chogula chilichonse chimene chatchipa tidachitengera m'zaka zimene kulakwitsa pogula sikunkapweteka kwenikweni.

Masiku amenewo adapita. Belo limagulidwa kunja ndi ndalama yakunja, ndiye kwacha ikagwa, belo limakwera. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mu February 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe adachita kuyenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Inu eni ake simukufunika kuuzidwa zimenezi, mudazimva m'thumba. Chovala chogula molakwika lero ndi ndiwo za masiku angapo.

Nanga inu azakhali?

Tsono apa m'pamene nkhani idatembenuka. Titamaliza kuwerenga zanga, ndidafunsa mwanthabwala kuti, "Nanga inu azakhali, zanu za kunyumba mudawerengapo?"

Adaseka n'kunena kuti zawo akuzidziwa. Ndidati nanenso ndimatero. Lamulungu lotsatira ndidapita kwawo ndi kope lina.

Tidatulutsa masutikesi awiri, zikwama za shangani zitatu za pansi pa bedi, ndi katoni ya pamwamba pa kabati. Mabulauzi adakwana 31. Madiresi 22. Masiketi 17. Zambiri mwa izo zidali zisadavalidwepo, fungo la belo likadali momwemo. Pomwe iwo sabata yonse amakhala pabenchi ndi sikipa ndi chitenje, Lamulungu diresi, tsiku la Mvano yunifomu.

Zidachuluka bwanji chonchi? Inu a kaunjika yankho mukulidziwa. Tsiku lotsegula belo, mukangodula mawaya, maso amayamba agwera pa nambala wani. Mtima umati aka n'kanga, aka n'ka mwana wanga, aka ndisungire achemwali. Ziwiri kapena zitatu pa belo lililonse, osalemba paliponse poti mwini geni ndi inu nomwe. Koma belo la makilogalamu 45 silikhala labwino lonse. Muli zapakati, muli zoti mudzagulitsa pamtengo wotaya, mulinso zosagulitsika. Zimene zimabweza ndalama ya belo ndi kubala phindu ndi nambala wani zomwezo. Mukazitengera kunyumba, mwachotsa nyama n'kusiya mafupa pabenchi.

Azakhali adakhala chete nthawi yaitali atagwira bulauzi ina yoyera. Kenaka adandiuza zimene sadauzepo munthu pabanja pathu. Kwacha itagwa, ndalama yawo siinkakwananso belo, ndiye adakatenga ngongole ku banki m'khonde kuti aonjezere. Mwezi ndi mwezi amalipira chiwongoladzanja, tulo osabwera, mpaka adayamba kuganiza zopita kwa a katapila kuti atseke ngongoleyo.

"Ndimati andilodza," adatero. "Kani mpamba wanga ndimaugonera pansi pa bedi."

Adasankha zovala 40 n'kubwerera nazo pabenchi. Poti zidali nambala wani zokhazokha, sizidachedwe. Pasadathe mwezi adatseka ngongole ija.

Ine ndidayamba kuseka, koma adanditseka pakamwa. Adatenga kope langa lija, kutsegula tsamba la malaya, n'kuyamba kuloza ndi chala. "Awa unalipira? Nanga awa? Awa unati udzapereka akakulipira a nyuzi." Mwa malaya 19 aja, 12 ndidangonyamula pabenchi pawo mwa chibale. Amene ankadya mpamba wa azakhali sadali iwo okha. Tidalipo ambiri: ine, ana awo, azilamu, anzawo a ku tchalitchi. Aliyense ankati kamodzi kokha sikangagwetse geni.

Kuyambira pamenepo pabenchi pawo pali lamulo. Chovala chilichonse chochoka pamenepo chimalembedwa, ndipo chimalipiridwa pamtengo wa pabenchi, ngakhale wotengayo akhale mwini wake. Akafuna kupatsa m'bale mphatso, amayamba atulutsa ndalama m'thumba mwawo n'kuika m'thumba la geni. Ena pachibale adanyanyala, ati azakhali ayamba kuumira. Koma belo likubwera osakongola.

Kodi simutithawitsira makasitomala?

Nditafotokoza nkhaniyi pamsika, mnyamata wina wogulitsa majinzi moyandikana ndi azakhali adandiyang'ana mokwiya. "Akulu, inu mukufuna tife ndi njala? Anthu akayamba kuwerenga zovala, ife tigulitsa chiyani? Geni yathu imayenda ndi anthu ongosirira."

Funso lake n'lomveka ndipo sindikulipeputsa. N'zoona kuti wongosirira amagula msanga. Koma ndi yemweyonso amene amanenerera mpaka kukuumitsani kukhosi, poti chinthucho sakuchifuna kwenikweni, ndipo ndi yemweyo amene amati ndilembeni ndidzapereka pakutha pa mwezi. Munthu wobwera ndi pepala wabwera ndi ndalama m'manja. Akuti ndikufuna buluku lakuda chiuno 32. Mukampezera lomukwana amalipira osavuta, amatenga nambala yanu ya foni, ndipo ulendo wina sazunguliranso msika.

Chinanso, pepala la kasitomala ndi uthenga waulere kwa inu. Azakhali tsopano ali ndi tsamba kumapeto kwa kope lawo la geni pomwe amalemba chilichonse chimene munthu wafunsa koma palibe. Ali ndi tsamba linanso la zimene zakhalitsa pabenchi kupitirira mwezi. Popita kukaoda amayamba awerenga masamba awiriwa. Adapeza kuti ankangooda mabulauzi chifukwa ndiwo amawakonda iwowo, pomwe amayi ambiri amafunsa masiketi aatali a saizi yaikulu ndi majuzi a ana a sukulu. Matenda anga a malaya abuluu adali nawonso, kungoti awo adali a belo lathunthu.

Jekete langa ndidagula mu October 2024, dzuwa likuswa mtengo, pabenchi la bambo wina amene adali wokondwa kulichotsa. Ndidalipira ndalama yonse pompo. Ndidalichapa, kulisita, kulilemba m'kope, n'kulipachika kudikira nthawi yake.

Nthawiyo idakwana mu June 2025, pa ukwati wa msuweni wanga. Chiperoni chidabweranso monga mwa masiku onse. Ndikutuluka m'nyumba, kamwana ka aneba kaja kadali pakhonde kakudya mbatata. Kadandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kadabwera pafupi, kadagwira mkono wa jekete n'kuutembenuza. Kenaka kadathamangira m'nyumba mwawo kakukuwa:

"Amama, ili si la adadi!"

Kope langa pano lili ndi malaya 7, mabuluku 4, juzi ndi jekete. Ngongole ya malaya 12 ija ndikubwezabe pang'onopang'ono, ndipo azakhali amafufuta mzere umodziumodzi ndikapereka. Atsala atatu.